Siyani kasawala akule, asodzi inu

Anyamata amene mukukoka makoka osokerera maneti a udzudzu, tcherani khutu. Maneti amenewo anabwera kudzateteza ana anu ku malungo. Ndani anakuuzani kuti ngophera nsomba?

Mwina simudziwa mmene chambo chimaswera, nchifukwa chake mukuchita zachibwanazi. Nyengo ya mvula ikayandikira, chambo chachimuna chimada bii, m'mphepete mwa chipsepse cha pamsana mukuyera, n'kukonza chisa chozungulira pamchenga. Chachikazi chikaikira mazira pamenepo chimawatola n'kuwasunga m'kamwa. Chimayenda nawo milungu ingapo chisakudya bwino mpaka aswe, kenako chimapita kosaya, m'mabango ndi m'maudzu, kukalavula ana. Anawo akaona zoopsa amathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Tsono khoka lanu likamakwekwereza pansi limafafaniza zisa, limazula udzu, ndipo chambo chodzaza kukamwa chija mukachiponya m'bwato, tiana mazanamazana timatayikira pa thabwa n'kufera pomwepo. Mumaziona ndi maso anu, koma mumangoseka.

Nanga kasawala amene mumadzaza m'ndowa mumayesa ndi mtundu wina wa nsomba? Ndi chambo chomwecho, chisanakule. Chimafuna zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswa, inu mukuchitha chili ndi miyezi yochepa. Kumeneko ndi kudya mbewu mvula isanagwe.

Funsani akuluakulu a ku Malombe. Nyanja ija inali ya chambo, koma makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka, pofika m'zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitasowa, kwangotsala kambuzi. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Si nthano ayi.

Ndiye musamadandaule kuti nyanja yauma ngati kuti wakulodzani munthu. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima mafumu amatseka usodzi chaka ndi chaka kwa miyezi ingapo, asodzi onse n'kuchokako, ndipo palibe amene wafa nazo.

Lamulo limaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, ndipo boma limatseka nyanja kwa miyezi ingapo chaka chilichonse kuti nsomba ziswe. Inu eni makoka amene mumatuma ana a anzanu usiku, inuyo muli chigonere kunyumba, manyazi akugwireni. Nanunso a komiti ya pagombe, lekani kulandira kangachepe n'kuyang'ana kumbali. Khoka la neti ya udzudzu likapezeka padooko panu, lilandeni, mulipereke kwa alangizi a zausodzi.