Chenjezo kwa inu amene mukukhazika makolo anu pa sofa

Ana anga a mu Mzuzu muno, a ku Katoto, Luwinga, Chibavi mpaka ku Mchengautuwa, nditchereni khutu. Ndapitirira zaka 70, ndipo mtima ukundiwawa poona anzanga akufota m'nyumba za ana awo omwe.

Mumapita kumudzi kukatenga mayi anu, munthu amene ankalima yekha, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kupita kutchalitchi wapansi. Mukafika nawo m'tauni mumawalowetsa kumpanda, geti n'kukhoma, rimoti n'kuwapatsa m'manja. Akagwira tsache mumawalanda, ati anthu angakusekeni poti wantchito alipo. Akafuna kupita kumsika, mwaitana kale kabaza. Chaka chisanathe mayi aja sakuthanso kudzuka pampando osagwira khoma, inu n'kumati ndi ukalamba. Ukalamba wake uti? Suja dzana lomweli ankasenza dengu la mbatata kuchokera kudimba?

Ndikudziwa kuti mumachita izi chifukwa cha chikondi, n'chifukwa chake ndikukudzudzulani poyera. Munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo akadutsa 60 imatha mofulumira. Chimene chimaisunga ndi ntchito. Ku America madokotala anagoneka pabedi okalamba athanzi kwa masiku 10 okha, ndipo miyendo yawo inataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu. Kilo ya nyama mumaidziwa kukula kwake pabutchala. Nanga agogo amene akhala pa sofa miyezi isanu ndi umodzi atsala ndi chiyani? Ndiye Mzuzu wathuyu ndi wa zitunda ndi mvula yosatherapo, dothi lake loterera. Mwendo wofooka ukangoterereka kuseri kwa bafa, fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo okalamba ambiri akagona ndi fupa limeneli sayendanso ngati kale. Zilonda zakumsana ndi chibayo zimawapeza pamphasa pomwepo.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi mutu. Ubongo umadya magazi, ndipo magazi amayenda bwino munthu akamayenda. BP ndi shuga zimawononga timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo mwakachetechete, pomwe kuyenda kumathandiza kutsitsa zonse ziwirizi. Mu 2011 akatswiri ena a ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa okalamba 120. Theka la iwo linkayenda mphindi 40, katatu pa sabata, kwa chaka chathunthu. Kachigawo ka ubongo kosunga zokumbukira, kamene kamafota munthu akamakula, mwa oyendawo kanakula pafupifupi 2 peresenti. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zimene zikanapewedwa, pafupifupi theka la matenda oiwala likanachedwa kapena osabwera n'komwe. Kukhala osachita kanthu kuli pamndandanda umenewo, kusungulumwa kulinso pomwepo. Inu mwawapatsa makolo anu zonse ziwiri kuseri kwa geti limodzi.

Taganizani zimene gogo amachita akapita yekha kukagula tomato: akumbukire njira, apereke moni kwa uje ndi uje, anenerere mtengo, awerenge chenji. Yonseyo ndi ntchito ya mutu. Sindikunena kuti woyenda sangadwale matenda oiwala, ena amadwala ndithu ngakhale akhale akhama. Koma musawaitanire dala.

Ndipo akayamba kuiwala, mumawatani? Gogo akasochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni ake mbandakucha, osadziwa kwawo, anthu amathamangira miyala, amvekere mfiti yagwa pandege. Manyazi bwanji! Ameneyo ndi wodwala, mperekezeni kwawo mumufunditse bulangeti. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu m'dziko muno, lamulo lake lilipo kuyambira 1911.

Nanunso anzanga a imvi, musati ndakusiyani. Ena mwa inu palibe amene anakukhomerani geti. Mumakhala pabawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ena pakachasu. June ndi July akafika mumakumbatira mbaula tsiku lonse, ati kukuzizira. Kuzizira kwa Mzuzu sikunayambe lero. Valani juzi, dikirani nkhungu ichoke, tulukani.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza theka la ola kwa masiku asanu. Aziyenda mwandawala, mpaka kupuma kusinthe koma akuthabe kucheza ndi mnzake. Masiku awiri azilimbitsa minofu, masiku atatu aziphunzitsa thupi kusadzandira. Sizifuna jimu kapena ndalama zimenezi. Kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi osagwira ndi manja, kuima ndi mwendo umodzi dzanja lili pakhoma, kuthirira mpiru ndi kheni yaing'ono, kupeta, kutonola chimanga. Apatseni agogo kabedi ka masamba kuseri kwa nyumba kakhale kawokawo. Mbale yawo musaiwale kuikamo usipa, nyemba, dzira kapena nsinjiro, pakuti mnofu sumangidwa ndi tiyi ndi buledi. Amene ali ndi vuto la mtima kapena BP ayambe akapimitsa kuchipatala cha Mapale kapena cha Central, ndipo akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire asiye msanga, mupite nawo kuchipatala. Ndodo si chinthu chochititsa manyazi, aguleni, ndi nsapato zosaterera zomwe.

Loweruka lino ndikupita ku Chiputula kukaona mnzanga amene sanatuluke kumpanda chiyambire Isitala. Ana ake, mukawerenga izi mundikonzere kiyi wa geti. Ndikamutenga tikayende pang'onopang'ono mpaka pamsewu waukulu, ndipo mdzukulu mmodzi atiperekeze.