Swartberg Pass si ya njinga iliyonse ayi

A mlembi, m'nkhani yanu ija mwati Swartberg Pass, msewu wodutsa m'mapiri ku South Africa, munthu angakwere pa njinga iliyonse bola kulimba mtima? Musawanamize anzathu chonde. Ine ndimagwira ntchito ku Oudtshoorn, tauni ya mbali imodzi ya phirili, ndipo ndinakwerapo kuchokera mbali inayo ya tauni ya Prince Albert, msewu ndi wafumbi ndi miyala, makona okhaokha, potsetsereka matayala owonda aja amangoterereka, manja kuchita dzanzi ndi mabuleki. Pamwamba ndi mamita opitirira 1,500, mphepo yake yozizira zedi ngakhale kumunsi dzuwa likuswa mtengo, ndiye juzi ndi madzi musasiye, m'phirimo mulibe golosale. Chinanso mwangotamanda Thomas Bain yekha, injiniya amene anatsogolera ntchito yomanga msewuwu, koma makoma a miyala aja osanja popanda simenti anamanga ndi akaidi, msewu n'kutsegulidwa mu 1888. Iwowa bwanji simunawatchuleko?