Lilongwe wa manambala ndi Lilongwe wa mayina

Mwana wa alongo anga wabwera mwezi wathawu kudzayamba ntchito kuno ku Lilongwe. Tsiku lachiwiri anasochera. Anali ku Area 24 kwa mnzake, ndiye poti ine ndimakhala ku Area 25, iye anati basi ndi pafupi, angoyenda wapansi. Atafunsa njira anthu anamuseka, namuuza kuti akwere minibasi mpaka ku depoti, akatsike, akakwerenso ina yolowera ku Kanengo. Anafika kunyumba dzuwa litalowa, atakwiya. "Amalume, anawerenga manambala amenewa ndani? Anali ataledzera?"

Sanaledzere ayi. Manambalawo anaperekedwa potsata nthawi imene malo aliwonse analowa m'mapulani, osati potsata kuyandikana. N'chifukwa chake Area 18 yagundana ndi Area 49. Koma funso la mwanayu landisowetsa tulo pa chifukwa china. Ndakhala mumzinda uno zaka zoposa 30, ndipo ndaona kuti muli mizinda iwiri: wina umatchulidwa ndi manambala, wina umatchulidwa ndi mayina. Ukamva nambala, dziwa kuti malowo anawajambula papepala anthu asanafike. Ukamva dzina, Mtandire, Chinsapo, Kauma, Mgona, Senti, dziwa kuti anthu ndiwo anayamba kufika, pepala linabwera pambuyo, kapena mpaka lero silinafike.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti Lilongwe anali katauni kakang'ono. Atsamunda anakhazikitsa boma m'mbali mwa mtsinje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amwenye namanga masitolo, ndipo chimene chinadzetsa ndalama ndi fodya wa chikopa amene alimi a m'midzi yozungulira anayamba kulima kwambiri m'ma 1920. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000. Onsewo angakwane mu Bingu National Stadium, mipando ina n'kutsala yopanda munthu. Kamuzu atanena kuti likulu lichoke ku Zomba, anakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndalama zoyambira zinachokera ku South Africa ya tsankho ija pamene ena anakana kuthandiza, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Pofika 2008 tinali titapitirira Blantyre. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000.

Amene anajambula mapulani aja anali ndi loto la mzinda wamitengo, wotakasuka, wa tchire pakati pa dera ndi dera. N'chifukwa chake City Centre ili kutali ndi Old Town, ndipo pakati pali nkhalango. Anagawa bwinobwino: mabwana ku Area 10, 12 ndi 43, ogwira ntchito m'boma ku Area 18, mafakitale ku Kanengo, ife osauka atipimire mapuloti ku Area 25, 23 ndi kwina kuti tidzimangire tokha. Loto labwino ndithu, koma linali loto la munthu wa galimoto. Ndipo linaiwala funso limodzi: mlonda wa nyumba ya bwana, mayi wochapa zovala, mnyamata wotchetcha kapinga, mmisiri amene akumanga mzindawo, akagona kuti? Anthuwo sanadikire yankho. Anapita kwa mafumu a m'midzi ya m'mphepete, napereka kangachepe, nawumba zidina. Taonani mapu: Mtandire watsamira Area 47, Kauma ali kuseri kwa Area 12, Mgona ali pakhomo pa Kanengo. Si mwangozi. Dera lililonse la mabwana lili ndi mudzi wake umene umalitumikira, ndipo m'mawa uliwonse mumaona mzere wa anthu akuwoloka Lingadzi wapansi kupita kukasesa m'nyumba zimene iwo sadzagonamo.

Choseketsa n'chakuti madera amenewa nawonso anapatsidwa manambala. Mtandire ndi Area 56, Chinsapo ndi Area 57. Koma munamvapo kondakitala akuitanira kuti "57! 57!"? Dzina linakana kufa.

Agogo anga aakazi, Mulungu awuse mzimu wawo, sankatchula manambala. Tikakwera basi ankaloza pawindo n'kumati apa panali munda wa auje, apo ndi pamene tinkatunga madzi, uko kunali dambwe, osayang'anako. Kwa iwo mzinda wonsewu unali chofunda chimene munthu wayala pamwamba pa midzi ya anthu. Ine ndinali mwana, ndinkangoti nkhalamba zimakonda kulongolola. Lero ndimadziluma chala, chifukwa mayina a midzi imene ankatchula ndatsala nawo awiri okha m'mutu, ndipo palibe amene ndingakamufunse. Midzi yambiri inasamutsidwa kuti likulu limangidwe. Anthu ake anapita kuti? Ana a sukulu amaloweza chaka cha 1975, koma za amene anasiya minda yawo kuti Capital Hill ikhalepo sawauza.

Chimene chatsala ndi manda. Mukaona kagulu ka mitengo yachilengedwe kataima kokha pakati pa nyumba, pamene ponseponse ndi malata ndi fumbi, musafunse, pamenepo ndi kumanda. Ndi malo okhawo amene munthu wogulitsa mapuloti amaopa. Nthawi zina ndimaganiza kuti akufa ndiwo akusunga mitengo ya Lilongwe kuposa ife amoyo.

Tsono ndikambe za kwathu kuno. Titafika ku Area 25 mipanda inali ya udzu kapena ya maluwa, ndipo ukaima pakhonde unkaona khomo la nyumba zisanu. Puloti iliyonse inali ndi mango, mapapaya ndi kadimba ka mpiru kuseri. Mchere ukatha sunkapita kugolosale, unkatuma mwana kwa anansi. Maliro akagwa, usanamve uthenga wa amfumu unali utamva kale kulira. Kumunsi kwathu kunali dambo kumene tinkasewera mpira wa chikulunga chilimwe chonse, dzinja likafika n'kulisiyira achule.

Lero puloti yomwe ija ili ndi nyumba zisanu za lendi, mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, pamwamba mabotolo oswa kapena waya wamagetsi. Mango anadulidwa kuti pakhale kashopu. Munthu amene timagawana naye khoma ndinamudziwa dzina patapita chaka, ndipo ndinalidziwira pa gulu la WhatsApp la chitetezo cha m'dera. Sindikunyoza eni mapuloti, inenso ndinamanga ziwiri kuseri, fizi ya ana siyichokera kumwamba. Ndiponso sindikunama kuti kale zonse zinali bwino. Fumbi linali losaneneka, basi unkaidikira mpaka miyendo kuuma, ndipo kulankhula zimene ndikulemba panozi ukanatha kukagona nazo kumalo osadziwika. Koma dambo lija limandiwawa. Tsiku lina tinangodzuka n'kupeza zikhomo. Tinapita kukafunsa ku ofesi ina, anatiuza kuti tibwere mawa. Mawa lakelo linafika maziko atakumbidwa kale. Amene anamangapo si anthu ovutika, ndi anthu a mapepala awo osindikizidwa chidindo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri amene amati mzinda wawonongeka chifukwa cha anthu obwera kuchokera kumudzi. Madzi saiwala khwawa. Mu 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, chaka chomwecho chisanathe madzi anavutanso mbali ya Kawale, Chipasula ndi Kaliyeka. Tonse tinaloza chala osauka kuti amangiranji m'mbali mwa mtsinje. Koma madziwo anachuluka chifukwa chiyani? Madambo amene ankamwa madzi a mvula tawathira simenti. Mchenga wa mumtsinje tikuukumba usana ndi usiku, ndipo sukupita kukamangira nyumba za zidina, ukupita ku nyumba zosanjikizana. Njerwa za mipanda yathuyi zinawotchedwa ndi mitengo. Makala amene tikuphikira magetsi akazima ambiri akutsika kuchokera ku Dzalanyama, nkhalango yomweyo kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, umene umadzaza madamu a ku Malingunde, amene madzi ake timamwa. Wa njinga ya makala timamutukwana pamsewu, madzulo n'kumuitana pageti kuti atitsitsire thumba.

Misewu yatsopano ndimaikonda, ndisaname. Amene anaimapo ola lathunthu pa raundabauti yakale ya Area 18 sangadandaule ndi mlatho wodutsana umene unamangidwa pamenepo. Komabe pamene ankadula mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta mu 2021 kuti aukuze, ndinaona kuti tikubwereza kulakwa kwa amapulani oyamba aja. Tikumangirabe munthu wa galimoto, chonsecho ambiri mumzinda muno amayenda wapansi, pa kabaza kapena pa minibasi. Yesani kuwoloka msewu wotambalala wotero muli ndi mwana kumsana ndi beseni la tomato pamutu.

Ndipo nkhani ya agogo anga ikuchitikanso panopa, maso athu akuona. Tulukani mumzinda kulowera ku Mchinji, ku Bunda, ku Lumbadzi kapena ku Nathenje. Kumene zaka khumi zapitazo kunali chimanga ndi mtedza, lero kuli zikhomo zoyera ndi zikwangwani za mapuloti olipira pang'onopang'ono. Bambo amagulitsa munda umene makolo anamusiyira, n'kugula njinga yamoto ndi malata. Zaka ziwiri zikatha njinga yafa, ndalama zatha, ndipo bambo yemweyo ndi mlonda pa geti la nyumba imene yaima pamunda wake. Malowo amapatsidwa dzina lachingerezi lokoma m'khutu, la phiri kapena la munda wamaluwa, pamalo popanda phiri kapena duwa. Dzina la mudzi limatsala pa chidindo cha amfumu basi.

Ine sindikupempha zinthu zodula. Dera latsopano likamatsegulidwa, lisunge dzina la mudzi umene linaupeza. Bwalo la mpira ndi dambo zilembedwe kuti si zogulitsa, ndipo wozigulitsa adziwike ndi dzina. Aphunzitsi atume ana kukafunsa nkhalamba za ku Kawale, Mchesi ndi Biwi kuti pamene pali sukulu yawo panali chiyani, alembe, zisungidwe. Tili ndi mafoni ojambula mawu m'thumba aliyense, koma timajambula maphwando okhaokha. Nkhalamba zimene zinaona mathirakitala oyamba akugumula tchire la City Centre zatsala zochepa, ndipo chaka chilichonse tikuziperekeza kumitengo kuja.

Mwana wa alongo anga uja wapeza nyumba tsopano. Chipinda chimodzi ndi pabalaza, madzi ogula pa kiyosiki, lendi yoti angakwanitse ndi malipiro ake oyamba. Ili ku Mtandire, ndinamuthandiza ndine kunyamula matiresi. Lamlungu mayi ake anaimba foni ndili pomwepo, ndipo ndinamumva akuyankha mosadodoma kuti, "Ndikukhala cha ku Area 47, amayi."