Kachisi amene amamugwetsa dala

Ena munena kuti ndasokonezeka, koma kwa ine kachisi wa m'tauni ya Ise ku Japan ndi wakale kuposa matchalitchi ambiri a ku Ulaya, ngakhale mitengo yake anaidzutsa mu 2013 mommuno.

Kumeneko pakatha zaka 20 amamanga kachisi watsopano pambali pa wakale, wofanana ndendende, kenako wakaleyo n'kumupasula. Mwambowu unayamba cha m'ma 690, ndipo wa 2013 unali ulendo wa 62. Wina ukubwera mu 2033. Malo ndi awiri oyandikana: apa paima kachisi, apo pangoyalidwa timiyala, kudikira nthawi yake. Mitengo ya hinoki saipaka utoto, denga n'laudzu. Anthu a m'tauniyo amakoka zipika ndi zingwe uku akuimba, ngati pa dima. Ndipo zaka 20 zija muziwerenge bwino: mmisiri amayamba ali mnyamata wopatsira zida, ulendo wachiwiri nsompho ili m'manja mwake, wachitatu imvi zili mbuu, akulangiza ana.

Azungu maganizo awo ndi ena. Kwa iwo chakale ndi mwala womwewo umene anausema makolo. Tchalitchi cha ku Cologne, ku Germany, anachiyamba mu 1248 n'kudzachimaliza mu 1880, ndipo sindikana, munthu ukachiona pachithunzi pokha pakamwa pamakhala yasa. Koma mwala sukamba momwe anausemera.

Taonani za tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris. Moto wa pa 15 Epulo 2019 unapsereza denga limene ankalitcha "nkhalango" chifukwa cha kuchuluka kwa mitengo yake. Pofuna kulibwezera monga linalili, anachita kusonkhanitsa akalipentala odziwa kusema mtengo ndi nkhwangwa, osati makina, luso limene linatsala ndi anthu ochepa. Anakwanitsa ndithu, tchalitchicho chinatsegulidwanso mu Disembala 2024, ndipo ndiwavulire chipewa. Komabe zinatengera moto kuti anthu akumbukire kufunika kwa manja amenewo. A ku Ise sadikira ngozi.

Ndikudziwa, wina ati n'kuwononga mitengo. Funso n'lomveka, poti hinoki wamkulu sakula msanga. Koma mitengo yopasulidwayo saitaya. Amaigawira akachisi ena m'dzikomo, ndipo nsanamira zikuluzikulu amazipalanso n'kuziimika ngati zipata kumapeto onse awiri a mlatho wa Uji, polowera pakachisi pomwepo.