Musalumitse njuchi chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp

Loweruka lapitali ndinapeza azakhali anga kuno ku Kasungu ali pakhonde, botolo lili pambali pawo, m'kati muli njuchi zisanu zikuwomba mapiko. Anali atatuma mwana kuti akawagwirire pa mng'oma wa amalume. Maondo akhala akuwavuta zaka zambiri chifukwa cha nyamakazi, ndipo pa gulu lawo la WhatsApp panafika uthenga wakuti asayansi apeza kuti ululu wa njuchi umachiza nyamakazi, khansa ngakhalenso Edzi. Ndinachita mantha kwambiri, n'chifukwa chake ndikulemba izi.

Ululu wa njuchi ndi wamphamvu ndithu, zimenezo sinditsutsa. Pafupifupi theka la ululuwo, ukauma, ndi chinthu chotchedwa melittin. Chimaboola khungu lopyapyala lomwe limakuta maselo a m'thupi, ndipo kupweteka koyaka ngati moto kuja kumachokera pamenepo. Muli chinanso chotchedwa phospholipase A2, chomwe matupi a anthu ena amadana nacho koopsa, komanso hyaluronidase yemwe amatsegula njira kuti ululuwo ufalikire m'mnofu.

Uthenga uja unachokera pa nkhani yoona, koma anaidula pakati. Mu 2020, Ciara Duffy ndi anzake a ku Harry Perkins Institute mumzinda wa Perth ku Australia anaonetsa kuti melittin amapha maselo a khansa ya m'mawere. Mu 2013, asayansi a ku Washington University ku St. Louis anaonetsa kuti melittin, atamuika pa tinthu ting'onoting'ono tomwe anachita kupanga, amawononga kachilombo ka HIV. Koma zimenezi zinachitika mu labotale, pa maselo a m'mbale, ndipo za khansazo anayesanso pa mbewa. Sanalumitse wodwala njuchi ayi. Melittin sasankha, amaboolanso maselo abwinobwino, kuphatikizapo a magazi. Ntchito yomwe asayansi akulimbana nayo ndi yopeza njira yoti afike pa chotupa pokhapo osavulaza thupi lonse. Mbola ya njuchi pa bondo kapena pa bere singachite zimenezo.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuganiza za mayi amene wamva kachotupa m'bere, n'kutha miyezi akulumitsa njuchi m'malo mopita kuchipatala pamene kachotupako kadakali kakang'ono. Kapena mnyamata wosiya ma ARV chifukwa wawerenga kuti njuchi zimapha kachilombo.

Palinso ngozi ya pompopompo. Ife a kuno takulira pafupi ndi ming'oma, makamaka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu National Park, ndiye timati kulumidwa tinazolowera. Thupi silimatero nthawi zonse. Ku Spain, madokotala analemba mu 2018 za mayi wa zaka 55 yemwe ankalumitsa njuchi mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri popanda vuto. Tsiku lina anabanika atangolumidwa, anakomoka, ndipo pambuyo pake anamwalira m'chipatala. Msuweni wanga zofananazi zinamuchitikira akufula uchi. Njuchi imodzi yokha pakhosi, milomo inatupa, thupi lonse zidzolo, mpweya ukutuluka molira ngati wenzulo. Tinamukweza pa njinga yamoto wina atamugwira kumbuyo kuti asagwe. Chinamupulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline kuchipatala.

Pali ntchito ya ululuwu yomwe madokotala amaivomerezadi. Anthu ngati msuweni wangayu, kumene chithandizochi chimapezeka, amawabaya ululu woyeretsedwa ndi woyezedwa bwino, pang'onopang'ono kwa zaka zitatu mpaka zisanu, kuti thupi lizolowere. Amabayira kuchipatala, adrenaline ali pafupi.

Njuchi ikakulumani, chotsani mbola msanga, ngakhale ndi chikhadabo, chifukwa kathumba kotsalira kumapeto kwake kamapitiriza kupopera ululu. Chokani pamalopo, popeza mbolayo imatulutsa fungo lokhala ngati la nthochi loitana njuchi zina. Munthu akayamba kubanika, kutupa nkhope kapena chizungulire, musayambe mwafuna masamba opaka, thamangirani naye kuchipatala. Wolumidwa ndi njuchi zambirimbiri apitenso ngakhale akuoneka bwino, chifukwa ululu wochuluka umawononga impso, ndipo mkodzo wakuda ngati tiyi ndi chizindikiro choipa.

Azakhali ndinawafotokozera zonsezi. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Nanga mwana wanga, maondowa nditani nawo? Usiku sindigona." Funso limenelo linandigwira, chifukwa munthu safika polumitsa njuchi ngati ululu sunamutopetse. Ndinati, "Zakhali, Lolemba ndidzakutengani ndekha tikaonane ndi dokotala." Anavomera, ndipo anatsegula okha botolo lija pansi pa mtengo wa mango.