Fomu ya ku yunivesite ndi ya mwana, bwezerani cholembera

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mtsikana wa achimwene anga wandiimbira foni akulira kuti fomu yake yofunsira malo ku yunivesite yatumizidwa iye asanaione n'komwe. "Azakhali, adadi analowa ndi pasiwedi yanga. Pamwamba aika udokotala, pansi pake zamankhwala, basi atumiza." Mwana ameneyu chiyambire sekondale nkhani yake ndi imodzi, kujambula mapulani a nyumba. Makope ake ndi odzaza ndi zojambula, ndipo pabanja palibe amene sadziwa zimenezi. Nditawaimbira achimwenewo anangoti, "Achemwali, fizi ndidzalipira ndine, ndiye wosankha ndine." Akuti kumeneko n'kuthandiza mwana.

Ayi. Kumeneko n'kulanda.

Makolo anzanga, fomu imeneyo ili ndi dzina la ndani pamwamba? Mayeso analemba ndani? Amene akakhale m'kalasi zaka zinayi, kapena kuposerapo ngati ndi udokotala, n'kumadzuka usiku kuwerenga zinthu zomwe mtima wake sulinako, ndi ndani? Inu mukasayina n'kubwerera kuntchito kwanu. Iye akatsala ndi katundu amene sanamange yekha. Ndipo tsiku limene adzalephere m'chaka chachiwiri, mudzakhala oyamba kunena kuti mwana uyu ndi waulesi, watitayitsa ndalama, mutaiwala kuti kosiyo munamusankhira usiku iye ali mtulo.

Ndikudziwa chimene mukufuna kundiyankha, chakuti mwana wa zaka 17 sadziwa dziko, ndipo mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Sindikukana. Koma mawuwo amayenera kunenedwa kaye, mwana n'kuwamva, n'kuwatsutsa ngati ali ndi chonena, kenako n'kugonera. Kuba pasiwedi si uphungu. Kutseka chitseko n'kudzaza fomu ya munthu wina si nzeru za akuluakulu. Safunsa adadya phula, ndipo kholo losafunsa mwana wake limadya phulalo pamodzi ndi mwanayo, amene sanalakwe kanthu.

Kaya n'mantha a umphawi, kaya n'kufuna kutchedwa bambo a dokotala, kaya ndi maloto anu amene anafera panjira, zimenezo n'zanu, thanani nazo nokha.

Ngakhale mabungwe oyendetsa mafomuwa amadziwa mwini nkhani. Ku Britain, amene akufuna digiri yoyamba amadutsira ku bungwe la UCAS, ndipo amaloledwa kusankha makosi osapitirira asanu. Kholo likafuna kuyankhula ndi bungweli m'malo mwa mwana, liyenera kukhala loti mwanayo analilemba yekha pafomu kuti walipatsa chilolezo. Mwana ndiye amatsegulira kholo khomo, osati kholo kuthyola zenera. Ngati anthu achilendo, oti mwana wanu sanamuonepo, amamulemekeza chonchi, inu amene munamubereka mukuvutika ndi chiyani?

Ndiye pali kalata ija yomwe mwana amalemba yofotokoza za iye mwini ndi chifukwa chimene akufunira kosiyo. Apa ndi pamene makolo ophunzira amandinyansira kwambiri. Fomu ya Common App, imene makoleji ambirimbiri a ku America amagwiritsa ntchito, imapereka mawu osapitirira 650. Ya UCAS imapereka zilembo 4,000. Malo ochepa choncho, amene mwana wapatsidwa kuti amveke ndi pakamwa pake, kholo n'kuwalanda. Limayamba ndi kukonza kalembedwe ka mawu, kenako lasintha chiganizo, kenako lachotsa ndime yonse chifukwa akuti ikumveka yachibwana, mapeto ake kalata yonse ikuyankhula ngati munthu wa zaka 50 wofunsira ntchito ya umanijala. Mukuganiza kuti owerenga makalatawa sazindikira? Amawerenga miyandamiyanda chaka ndi chaka, amadziwa mmene wachinyamata amayankhulira. A UCAS amapimanso makalatawa ndi kompyuta kuti aone ngati akufanana ndi ena. Ndipo kumene amaitana ana kuti akacheze nawo asanawapatse malo, monga ku Oxford ndi ku Cambridge, amatha kumufunsa mwana za buku limene kalata yake ikuti anawerenga. Mwana n'kungoti kakasi, poti bukulo anawerenga ndi bambo ake. Mwamuthandiza pamenepo?

Kumapeto kwa msewu umenewu kuli ndende, ndipo sindikukokomeza. M'mwezi wa March 2019, boma la America linatsegulira milandu anthu 50 pankhani yolowetsa ana m'mayunivesite mwachinyengo, ndipo 33 mwa iwo anali makolo. Mkulu wina dzina lake Rick Singer ankalandira ndalama kwa makolo olemera n'kumakonza zoti mayankho a mayeso a ana awo asinthidwe, kapena kuti anawo aoneke ngati akatswiri a masewera omwe sankasewera n'komwe. Lori Loughlin, mayi wochita mafilimu, ndi mwamuna wake analipira madola 500,000 kuti ana awo aakazi awiri alowe ku University of Southern California ngati opalasa bwato. Mayiyo analamulidwa kukakhala kundende miyezi iwiri. Felicity Huffman, mayi winanso wochita mafilimu, analipira madola 15,000 kuti wina akonze mayankho a mwana wake pa mayeso olowera ku koleji otchedwa SAT, ndipo anagamulidwa masiku 14. Koma chimene chimandipweteka ine si ndendeyo. Mwana wa Huffman sankadziwa chilichonse, ndipo mayiyo anauza woweruza kuti zitaululika mtsikanayo anawafunsa chifukwa chimene sanamukhulupirire kuti angathe payekha.

Funso limenelo ndi limene mwana aliyense wolandidwa fomu amanyamula mumtima, ngakhale kholo lake silinapereke chiphuphu kwa munthu. Wina anena kuti ine sindinabere mayeso, ndangomusankhira kosi. Uthenga wofika kwa mwana ndi umodzimodzi: iwe sungathe, maganizo ako ndi opanda pake, khala pambali ndikuchitire. Mukumuuza zimenezi panthawi yomwe akukonzekera kuchoka pakhomo kukadziyang'anira yekha. Mukufuna akasankhe bwino anzake ocheza nawo, akasunge bwino ndalama, akakane zoipa, koma kusankha chimene akaphunzire mwati sangathe. Akaphunzirira kuti kusankhako?

Musandimve molakwa ngati ndikuti pindani manja. Ntchito ya kholo panyengo imeneyi ilipo yambiri, moti ena amathawira kukudzaza fomu chifukwa ntchito yeniyeniyo ndi yovuta. Yovuta kwambiri ndi kunena zoona pankhani ya ndalama mafomu asanatumizidwe. Mukhazikeni mwana pansi, muuzeni kuti apa tingakwanitse, apa sitingakwanitse pokhapokha utapeza thandizo la fizi kapena ngongole ya maphunziro, ndipo ngongoleyo udzabweza ndiwe. Makolo ambiri amachita manyazi kunena zimenezi, amasiya mwana akulota, kalata yoti wasankhidwa itafika ndi pamene amati ndalama palibe. Imeneyo ndi nkhanza.

Dziwani masiku otsekera mafomu, chifukwa tsiku likadutsa ladutsa, kompyuta simva kupepesa. Wofuna udokotala ku Britain, kapena malo ku Oxford ndi ku Cambridge, fomu yake imatsekedwa pakati pa October, miyezi ingapo anzake asanatsekeredwe, ndipo kwina kulikonse kuli masiku akeake oti muwafufuze. Mukumbutseni apemphe kalata yomuchitira umboni kwa aphunzitsi nthawi ikadalipo, osati kutatsala tsiku limodzi. Sungani bwino masatifiketi. Werengani naye zofunika pakosi iliyonse, kuti asataye mwayi pofunsira kosi yofuna masamu apamwamba iye masamuwo sanakhoze bwino. Ngati akufuna zomangamanga, mupezereni munthu wogwira ntchitoyo acheze naye, amve zokoma ndi zowawa zomwe. Ngati mukuona kuti akulakwitsa, nenani, mukangane mpaka usiku ngati kuli kofunika, perekani zifukwa zanu zonse. Mukamaliza, cholembera chibwerere m'manja mwake. Kalata yake muiwerenge akakupemphani, mumusonyeze pamene simunamve bwino, akonze yekha.

Zoti "ndikulipira ndine" zimandiwawa kwambiri kuposa zonse. Inde mukulipira. Munalipiranso matewera ndi yunifolomu, kodi zinakupatsani umwini wa moyo wake? Kulipira kumakupatsani ufulu wonena malire a thumba lanu, pamenepo mawu anu ndi omaliza. Sikukupatsani ufulu wosankha chimene munthu wina azidzachita m'mawa uliwonse kwa zaka 40. Mwana si munda woti mubzalemo chimene chikugulidwa bwino chaka chino. Ndipo dokotala wokakamizidwa, amene sanafunepo kuona magazi, ndi amene mukufuna adzakugwireni inu mukadzadwala?

Poti ndayamba kale, ndinenenso za khalidwe lathu zotsatira zikatuluka. Mwana sanasankhidwe, nyumba yonse zii ngati pagwa maliro. Bambo sakumuyankhula, mayi akungousa moyo, kenako ayamba kumuwerengera ana a anzawo amene apita. Simukudziwa kuti malo ndi ochepa kuposa ana okhoza? Ku yunivesite ya Harvard ku America mu 2022, pa ofunsira 100 aliwonse amene anapatsidwa malo sanakwane anayi. Enawo onse anali mbuli? Ana akhama, okhoza bwino, amatsala chaka chilichonse m'dziko lililonse chifukwa mipando yatha, basi. Tsiku limenelo mwana wasweka kale mtima, akufuna munthu woti amuuze kuti tiyesa kwina, kuli makoleji a ntchito zamanja, kuli kubwereza, kuli chaka chamawa. Inu mukumuwonjezera mwala pamutu chifukwa mwasowa chouza anzanu.

Nanga akasankhidwa? Kalata isanafike n'komwe m'manja mwa mwini wake, yajambulidwa kale, ili pa Facebook ndi m'magulu onse a WhatsApp, dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala yake ya ku yunivesite, zonse poyera kuti mbava za pa intaneti zitole bwino. Pamwamba palembedwa kuti "Ndakwanitsa." Mwakwanitsa chiyani inu? Munamufunsa mwanayo ngati akufuna kuti dziko lonse lione mapepala ake? Fufutani zithunzizo.