Ino si nthawi yogulitsa nyumba pa Likoma

Abale anga a pa Likoma ndi Chizumulu, makamaka inu amene muli ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre, ku Joni ndi ku UK, ndili nanu mawu. Masiku ano m'magulu athu a WhatsApp, pakati pa uthenga wa maliro ndi funso loti kodi sitima ya Ilala yanyamuka pa Nkhata Bay, mukumabwera chithunzi cha nyumba, pansi pake atalemba kuti "ikugulitsidwa, mtengo tikambirana". Nthawi zina ndi puloti ya kugombe. Nthawi zina ndi nyumba yomwe tonse tikuidziwa, yomwe tidamwapo madzi tili ana pochokera kusukulu. Ine zikundipweteka, ndipo maganizo anga ndi akuti ambiri mwa ife tikugulitsa pa nthawi yolakwika, pa mtengo wolakwika, komanso osawafunsa amene akugona m'nyumbamo.

Kuti zinthu zathina, palibe angatsutse. Mu 2020 Covid itatseka maulendo, alendo adasiya kubwera, ndipo pachilumba alendo akasowa savutika mwini loji yekha. Amavutika wophika, wochapa, mnyamata wa boti, mayi wogulitsa tomato ndi mazira kukhitchini ya loji, ngakhale wosema ziboliboli. Tisanapume bwino, kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mafuta akasowa kumtunda, kuno ndiye zimanyanya, chifukwa asodzi ambiri a ukonde wa chilimira amadalira injini. Ndiye muonjezepo miyezi ya mwera, pomwe nyanja imakana munthu kwa masiku angapo. Dothi lathu ndi la miyala ndi mchenga, chinangwa chimayesetsa koma chimanga chambiri timachita kugula chochokera kutsidya. Sopo, shuga, mchere, malata, zonse zimakwera sitima, ndipo mtengo wake umakwera nazo. Munthu amene wafika poganiza zogulitsa nyumba si chitsiru ayi, wapanikizika.

Koma taganizirani za mtengowo. Nthawi ya mavuto ogulitsa amachuluka, ogula amachepa, ndiye wogula ndi amene amalamula. Amadziwa kuti muli ndi ngongole kapena fizi ikukudikirani, amangokhala phee mpaka mutsitse nokha. Ndalama mwalandirazo ndi makwacha, ndipo tonse taona mmene kwacha yakhala ikusungunukira m'manja zaka zimenezi. Amene adagulitsa nyumba mu October 2023 n'kusunga ndalama kubanki kuti aganize bwino, mwezi wotsatira adadzuka ndalama zake zitaphwa mphamvu iye osagulapo kanthu. Nyumba ija ili chiimire, ndipo mwini wake watsopano sadataye kalikonse.

Funso lomwe ndimafunsa aliyense wondiuza za mtengo ndi ili: ndalama zimenezo zingamangenso nyumba ngati yomweyo pa Likoma lero? Werengani matumba a simenti. Lililonse ligulidwe kumtunda, lifike pa Nkhata Bay, likwezedwe m'sitima, litsitsidwe, lisenzedwe mpaka pamalo. Paliponse pamenepo pali wolipidwa, ndipo thumba lina limafika litanyowa. Malata chimodzimodzi, matabwa chimodzimodzi. Makolo athu adamanga nyumba zimenezi pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa zipupa, ndi ndalama za uphunzitsi, ukalaliki kapena za ku migodi. Zomwe zidawatengera zaka zambiri ife tikuzisinthanitsa ndi ndalama zomwe sizitha chaka.

Ndiye pali nkhani ya malo enieniwo. Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita pafupifupi 18 basi, ndipo gawo lalikulu ndi miyala, zitunda ndi milambe. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 14,000 m'boma lathu, kuphatikiza Chizumulu, ndipo ana akubadwabe. Kumtunda munthu akagulitsa malo amatha kupita mudzi wina kukapempha kwa amfumu kapena kwa akuchimuna. Kuno mupita kuti? Kumbuyo nyanja, kutsogolo nyanja, ndipo mapiri mukuwaona pafupiwo ndi a Mozambique, dziko la eni. Puloti ikachoka m'banja pa Likoma, kawirikawiri ndiye kuti yapita, mdzukulu wanu adzachita lendi pamalo pomwe padakwiriridwa mchombo wa agogo ake.

Za kugombe ndiye ndimafuna tizikambe mosabisa. Wogula puloti ya m'mbali mwa nyanja sagula kuti aziyanikapo usipa. Amamanga mpanda, ndipo mpandawo sutsekera banja logulitsa lokha. Umatsekera msodzi amene ankakocheza bwato lake pamenepo, amayi amene ankachapa ndi kutsuka mbale, ana osamba, ndi thandala la utaka la anthu oyandikana nawo. Banja limodzi lalandira ndalama, mudzi wonse wayamba kuzungulira mtunda kuti ukafike kumadzi. Sindikudana ndi maloji, musandimve molakwa. Alemba ntchito abale athu, ena aphunzitsa ana, ndipo popanda iwo ndege sizikadamatera pabwalo lathu kawirikawiri. Koma kubwereketsa malo kwa zaka zodziwika, pa mgwirizano wolembedwa womwe ukusiya njira ya anthu yopita kunyanja, n'kosiyana kwambiri ndi kugulitsiratu. Ogula nawonso asamale: mu 2024 nyanja idakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'maloji ambiri m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Akuluakulu amene ankamanga chapatali ndi madzi ankadziwa chomwe ankachita.

Malamulo nawo tiziwadziwa. Kusintha kwa malamulo a malo kwa mu 2022 kudaletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Ndiye wina akabwera ndi mawu akuti "tilemba dzina la mnyamata wanga, ndalama apereka bwana", dziwani kuti mukulowa m'nkhani yomwe ingadzakuvuteni inuyo. Komanso lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Malume kapena mchimwene wamkulu sangangodzuka n'kugulitsa nyumba ya malemu chifukwa choti ndiye wamkulu pabanja. Malo ambiri kwathu ndi a makolo, ali pansi pa mafumu athu ndi a T/A Mkumpha, ndipo kakalata kolemba pamanja usiku, mboni zake anzanu a pa bawo, sikakutetezani tsiku lomwe achibale ena adzatulukire.

Chomwe chimandiwawa koposa ndi ichi: amene amasankha zogulitsa nthawi zambiri ndi ife okhala kutali. Timakambirana pa foni, timagawana ndalama tisanazione, wina akufuna kuonjezera pa galimoto, wina pa puloti ya ku Area 25. Koma m'nyumbamo muli munthu. Muli mlongo wathu amene ukwati udatha n'kubwerera pakhomo ndi ana. Muli agogo. Ndiye timati, "Agogo tiwatengera kutauni, akakhala bwino, kuli chipatala pafupi." Tidawafunsa? Agogo amene moyo wawo wonse adya kondowole wa usipa wa lero, amene Lamulungu lililonse amayenda wapansi kupita kutchalitchi chachikulu cha St Peter's, amene anzawo a Mothers' Union amawayendera akadwala, mukawatsekera mumpanda ku Lilongwe, ana onse ali kuntchito ndi kusukulu, mukuti akhala bwino? Ambiri amangofota. Amayamba kufunsa tsiku la sitima.

Anthu a pa Likoma kuchoka pachilumba sitidayambe lero. Kuyambira pomwe amishoni a mpingo wa Anglican a UMCA adakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1880, sukulu zidatulutsa aphunzitsi, ansembe, akalaliki ndi anamwino amene adabalalika m'dziko lonse lino mpaka ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa. Tchalitchi chachikulu chija, chomwe adayamba kumanga mu 1903, chaona mibadwo ikunyamuka. Ilala nayo yakhala ikutinyamula kuyambira 1951. Koma anthu amenewo ankapita akudziwa kuti khomo lilipo. N'chifukwa chake pa Khirisimasi sitima imadzaza, n'chifukwa chake wopuma pantchito amabwerera, n'chifukwa chake maliro ochokera ku Blantyre amawoloka nyanja. Mukagulitsa, mudzafikira kuti? Maliro anu adzagona m'nyumba ya yani usiku womaliza? Mwana wobadwira ku Leeds kapena ku Johannesburg mudzamuonetsa chiyani kuti akhulupirire kuti ndi wa pa Likoma?

Njira zina zilipo, kungoti n'zochedwa kubweretsa ndalama. Likoma ndi boma palokha, ndipo aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito kwa DC amene amatumizidwa kuno amafuna pokhala. Nyumba yokonzedwa bwino, ya chimbudzi chabwino ndi magetsi, ingapeze wolipira lendi mwezi ndi mwezi. Ndalama zake n'zochepa, inde, koma lendi mumatha kuikweza zinthu zikakwera, pomwe mtengo wogulitsira mumalandira kamodzi. Ngati nyumba ndi yaikulu, mlongo uja akhale mbali ina, mbali inayo ya lendi. Ndipo ife a kunja amene timatumiza ndalama za maliro mosazengereza, bwanji osasonkherana za malata denga lisanagwe? Nyumba zambiri zimagulitsidwa chifukwa zaonongeka, ndipo zaonongeka chifukwa aliyense ankadikira mnzake.

Ndikudziwa kuti pali nthawi yomwe kugulitsa sikungapeweke. Munthu akudwala ndipo akufunika chithandizo chodula, kapena mwana wasankhidwa ku yunivesite ndipo palibe kwina kotembenukira. Moyo wa munthu uposa njerwa, pamenepo sindingaweruze aliyense. Koma ngakhale zitatero, yambani mwauza banja lonse, ndi amene ali pachilumba omwe, osati kuwadziwitsa zitatha. Mpatseni mwayi woyamba wachibale kapena munthu wa pa Likoma pomwepo, ngakhale azilipira pang'onopang'ono. Ngati malo ndi aakulu, dulani mbali, musapereke onse. Pitani kwa amfumu masana, mukafunsenso ku ofesi yoona za malo, malire aonetsedwe pamaso pa oyandikana nawo, ndipo njira ya kunyanja ilembedwe m'kalatamo. Madobadoba amene akukuuzani kuti wogula anyamuka ndi sitima ya mawa ndiye musainire lero, asiyeni anyamuke.

Amene muli ndi nyumba za lendi pa Mbamba kapena kwina pachilumba, tandiuzeni mmene zikuyendera masiku ano, anthu akulipira bwanji ndipo mavuto ake ndi otani. Pali mabanja angapo amene akulingalira zogulitsa mwezi uno, ndipo ndikufuna amve kwa inu amene mukuzichita asanapange chiganizo.